Ndikusankhabe Mfuti

Lanham, Maryland
17 Sepitembala 2023

Emmie mkazi wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi Jesse, ndipo chifuwa chake chija chatha. Ine kuno ndilipo, msana wokha ndiwo ukudandaula. Nkhalamba zimene timanyamula kuntchito zidadya bwino pa ubwana wawo.

Usadabwe kuti ndayamba kulemba pamanja n'kumakujambulira. Chipinda changa chino cha pansi denga lake ndi thabwa. Ndikatsokomola, a Chabala eni nyumba amandipepesa ali pamwamba. Pa foni tizingolankhula za moni.

Ndatumiza madola mazana awiri. Ulipire fizi ya Jesse, yotsalayo ugule malata a kukhitchini mvula isanayambe. Mng'ono wanga Vitu akabweranso ndi nkhani yake ya bizinezi ya nkhuku, umuuze kuti mkulu wake sakumba golide ku America, amasambitsa anthu.

Loya akuti mapepala anu akuyenda, mwina akuitanani ku embase ku Lilongwe chaka chikangoyamba. Malipiro anga ndi ochepa pa mlingo wa boma, ndiye a Chabala asaina kuti ndiwo adzakuimirirani mukafika. Popanda siginecha yawo viza palibe. Tsono ukamva kuti ndikuwasesera pakhomo Loweruka, usati mwamuna wako wasanduka.

Pali kanthu kena. Mzungu wina wokonza mapaipi kuntchito, adali msilikali, ananditenga kumapiri kukaona bwalo lowomberapo mfuti. Si zosaka nyama ayi. Amapachika chitsulo chonga mbale patali kwambiri, poti ndi maso ako sungachione, iwe umagona chafufumimba n'kuyang'ana pa galasi lomangidwa pamwamba pa mfuti. Chipolopolo chimagwa chikamapita, mphepo imachikankha, ndiye uyenera kuwerengera zonsezo usanakhethemule. Iye amadalira foni. Ine ndinatenga pensulo. Kachitatu chitsulo chinalira, ndipo mawu ake amafika mochedwa, utayamba kale kukayika.

Emmie, chichokereni ku Poly chaka chachitatu, aka kanali koyamba kuti masamu aja andigwirire ntchito. Anzanga omwe ankakopera kwa ine ndi mainjiniya lero. Ine ndakhala ndikuwerengera matewera.

Ndikufuna yangayanga, yotchipa. Lamulo limandilola popeza ndili ndi girini khadi. Usayambe kulira, si lero.

Ndine mwamuna wako,
Fryson


Lanham
8 Okutobala 2023

Emmie,

Ndalandira mawu ako. Ndakondwa kuti Jesse wachira. Ine ndili bwino, kwayamba kuzizira.

Ukuti mfuti ndi ya achifwamba ndi apolisi. Kumeneko inde. Kuno madokotala a mano ndiwo amadzaza bwalo lija Lamlungu. Ndipo sindinakhudze ndalama ya matikiti anu. Ndikusunga ya maovataimu basi. Malire anga ndi madola chikwi chimodzi, mfuti ndi galasi lomwe.

Kusankha kwake n'kovuta. Ya munthu woyamba ndi ija yokoka ndi dzanja, chipolopolo chimodzi chimodzi, ya mpope wonenepa kuti usatenthe msanga. Koma pali mitundu iwiri ya zipolopolo imene anthu amakanganirana ngati Bullets ndi Noma. Ya .308 ndi yachikale, zipolopolo zake zili paliponse ndipo n'zotchipa, mpope wake umakhalitsa, koma imamenya phewa ndipo mphepo imaiseweretsa patali. Ya 6.5 imauluka mowongoka, sikankha kwambiri, koma imadya mpope ndi thumba lomwe. Kenaka galasi. Ukagula lotchipa uli ngati wagula galimoto yopanda chiwongolero. Pafupifupi theka la ndalama liyenera kupita kumeneko.

Zonsezi ndinazifotokoza patebulo la a Chabala, mokweza, monga umandidziwira. Anamvetsera mpaka mapeto, chimene sachita kawirikawiri. Masiku ano amadya okha. Akazi awo a Norah adapita kwa mchemwali wawo ku Annandale mwezi watha, akuti kukathandiza mwana wodwala. Zovala zawo zonse zidapita nawo. Sindinafunse.

Dzulo anditsikira kuchipinda kuno. Akuti ndisavutike ndi maovataimu, ndisankhe iliyonse ndingaikonde, alipira ndiwo. Ine ndikangosaina kusitolo, mfuti izikhala pamwamba kwa iwo, ndikaifuna ndizibwereka. Ndinafunsa chifukwa chiyani osasaina okha, poti ndi nzika ya dziko lino. Anaseka, nandiyankha m'chinyanja chawo cha ku Lusaka.

"Mufana, zina ni chovala chabe, tibwelekana. Motoka uyendetsa ili mu zina ya ndani?"

Ukudziwa yankho. Galimoto ili m'dzina lawo, foni ili m'dzina lawo, chifukwa mlendo kuno sakongozedwa ngakhale supuni. Umu ndi momwe tonse timayambira, a ku Lusaka ndi a ku Ndirande omwe. Ndinawayankha kuti ndikusankhabe.

Mpani wa malata usampatse ndalama yonse asanamalize. Ndimamudziwa.

Fryson


Lanham
29 Okutobala 2023

Emmie,

Moni kwa iwe ndi mwana. Amayi ako uwauze kuti mankhwala a maondo ndawapatsira mayi wina wa kumpingo amene akubwera kumeneko sabata yamawa. Ine thupi lili bwino. Tulo ndito tavuta.

Uthenga wa embase ndauona. Januwale pa 16. Ndinauwerenga ndili m'bafa la kuntchito, ndipo ndinakhalitsamo mpaka nesi anagogoda.

Tsopano mvetsera, ndipo izi usauze munthu. Ackim, mnyamata wa ku Mchinji amene timagwira naye shifiti imodzi, uja ndimati mutu wake ndi wonyamulira chipewa, ndiye wandiuza zimene mpingo wonse ukudziwa kupatula ine wokhala m'nyumba momwemo. Mwana wodwala ku Annandale kulibe. A Norah adapita kukhoti, ndipo pali pepala loletsa a Chabala kuwayandikira. Munthu wa pepala lotere saloledwa kugula mfuti kapena kuisunga.

Ndinapita kwa loya n'kumufunsa ngati nkhani ya mnzanga. Sanapusitsike. Anavula magalasi n'kundiuza kuti kugulira wina mfuti m'dzina lako ndi mlandu waukulu, wa ndende, ndipo ukatuluka amakukweza ndege. Mapepala a mkazi ndi mwana amafera pomwepo. Ndinafunsanso kuti nanga wosainira uja atasintha maganizo? Akuti ali ndi ufulu wochotsa dzina lake viza isanatuluke.

Waona pamene ndaima. Ndikavomera, ndakutayani. Ndikakana, ndakutayaninso.

Koma sindine mwana. Munthu wamkulu amene wakusunga m'nyumba sumuuza kuti ayi pamaso, ngakhale kwathu sizichitika. Umangomuchedwetsa mpaka nkhani itafa yokha. Ndiye ndikusankha mfuti, Emmie, ndipo ndidzaisankha mpaka Januwale. Sabata yatha ndinawauza kuti 6.5 ndiyo yabwino koma zipolopolo zasowa m'masitolo. Sabata ino ndabwerera ku .308, koma ndati mpope wa imene tinaona ndi waufupi, chipolopolo chimatuluka chaulesi. Ndinawajambulira mizere papepala, kugwa kwa chipolopolo pa mayadi mazana asanu, pa mazana asanu ndi atatu. Munthu woyendetsa mathiraki ngati iwo ukamuonetsa girafu amagwedeza mutu kuopa kuoneka mbuli. Kusamaliza sukulu kuli ndi phindu lake: umadziwa zokwanira kusokoneza nazo anthu.

Yamba kukonza mapasipoti ndi zikalata za kuchipatala. Chilichonse uchite fotokope kawiri.

Fryson


Lanham
14 Novembala 2023

Emmie,

Ndikhulupirira muli moyo ngakhale kwacha aigwetsa chonchi. Ndamva mitengo ya shuga ndi mafuta. Ndawonjezera madola makumi asanu. Usinthe pang'onopang'ono, osati zonse tsiku limodzi. Eni nyumba kumeneko akakweza lendi usakangane nawo, yatsala miyezi iwiri yokha.

Wandikalipira kuti zonsezi ndi pakamwa panga, kuti ndikadadya chakudya changa mwakachetechete tsiku lija sibwenzi tili pano. Ndamva. Iwe uli ku Machinjiri, kuli dzuwa. Ine ndili pansi pa mapazi a munthuyo, ndimamva akamayendayenda.

Ukutinso ndikauze abusa. Abusa ake ati? Galimoto ya mpingo adagula ndi a Chabala. Theka la kwaya lidagonapo m'chipinda chino.

Njira yanga ija yayamba kutha mphamvu. Mitundu ya mfuti yandithera, ndiye ndinasamukira ku magalasi. Ndinati lotchipa limasochera ukalipotokola, lodula ndi kuba, lapakati liyenera kuitanitsidwa. Ndinadya nazo masabata awiri. Kenaka ndinayamba za miyendo yoimikira mfuti ndi chikwama chokhoma. Lamlungu tikuchokera kutchalitchi anandidula pakati.

"Iwe, vonse ivi va ma sauzande yadi ni vako. Ine nifuna chabe yamene ilasa bwino pa ma handiredi yatatu."

Kenaka anafunsa ngati galasi limene ndikunenalo limaona bwino dzuwa likangolowa, nthawi imene anthu amaweruka.

Kubwalo kuja amatseka dzuwa lisanalowe, Emmie. Ndipo a Chabala sanapemphepo n'kamodzi komwe kuti ndiwatengere kumeneko.

Mwina ndikuganiza mopitirira. Munthuyu adakanditenga pabwalo la ndege ndili ndi jekete ya kaunjika ya pa Limbe, nandiveka yake. Sanandikwezerepo lendi. Mwina akufuna nyama ya gwape ya Khirisimasi. Ndinawayankha za magalasi, kukula kwa diso lake ndi kuwala kumene limalowetsa, mayankho aatali, olondola onse. Manja anga anali pachiwongolero ndipo a Chabala sindinawayang'ane.

Usiku womwewo anandikumbutsa, mwaulemu, kuti loya wawatumizira pepala lina loti asaine lokhudza msonkho wawo wa chaka chatha. Akuti alisaina akapeza mpata. Lili patebulo pawo, pansi pa botolo la tsabola.

Jesse umugulire nsapato zotseka. Kuno Januwale si wa masandasi.

Fryson


Lanham
23 Novembala 2023

Emmie,

Moni. Ndili bwino. Lero ndi tsiku lawo lothokoza, kulibe ntchito kwa ena, ine ndagwira theka.

Ndilemba mwachidule. Mawa masitolo onse amatsitsa mitengo. A Chabala apeza okha sitolo ina ku Virginia imene ikugulitsa .308 ya mpope wonenepa, wautali bwino, pamodzi ndi galasi lenileni lija ndinkati liyenera kuitanitsidwa, zonse madola mazana asanu ndi anayi. Anabwera ndi chithunzi pa foni. Adasunga zonse zimene ndakhala ndikuwauza, Emmie, chimodzi chimodzi, ndipo mfutiyi ilibe chilema chimene ndingaitchulire. Ndidawaphunzitsa bwino kwambiri.

Akuti tinyamuka m'mawa. Pobwerera tidzera kwa loya kukasiya pepala lija.

Ndaganiza zodwala. Ndaganiza zoiwala chiphaso kunyumba, koma adzangotembenuza galimoto. Ackim akuti ndingosaina, anthu amachita zimenezi tsiku ndi tsiku ndipo sagwidwa. Mwina n'zoona. Ambiri sagwidwa ngati mfutiyo yangokhala m'kabati.

Usandiimbire mawa. Ndikapanda kulemba pofika Lachiwiri, nambala ya loya ili kuseri kwa kalata ya embase ija.

Umupsompsone mwana.

F.


Alexandria, Virginia
27 Novembala 2023

Emmie mkazi wanga,

Ndili moyo, sindili m'manja mwa apolisi. Ona adiresi yasintha. Ndikugona pa sofa kwa Ackim. Miyendo imalendewera, koma denga lake ndi la simenti.

Tinapita. Pamalo oimika magalimoto anandipatsa envelopu ya ndalama kuti ndiike m'thumba langa tisanalowe. Anati m'katimo iwo akhala chete, wodziwa zinthu ndine.

Munali anthu ngati pa Admarc. Wogulitsa anali mayi wa imvi, magalasi ali pachingwe. Anaitulutsa n'kuigoneka pa kauntala. Ndisakunamize, ndi yokongola. Ndinaikweza paphewa, tsaya linakhala pamalo pake ngati adandiyeza. Chokokera chake chimayenda ngati chapakidwa batala. Ndinayang'ana pa galasi kudzera pawindo n'kuwerenga nambala ya galimoto imene inali kutsidya kwa msewu. Miyezi iwiri ndakhala ndikunama kuti ndikusankha, koma ndikadakhala ndi ufulu ndikadasankha yomweyo.

Ndinafunafuna chilema. Ndinati chokhethemulira n'cholimba. Mayiyo anati chimasinthika ndi sipanala yaing'ono, nandionetsa. Ndinati thako lake ndi lalifupi; anatulutsa zowonjezera m'bokosi. A Chabala anali pambali panga, fungo la mafuta awo ometera lili m'mphuno mwanga. Kenaka anaiwala lonjezo lawo. Anatambasula dzanja n'kuisisita mfutiyo, n'kundiuza m'chinyanja kuti titenge, yakwana.

Mayi uja chinyanja sachidziwa, koma dzanja analiona. Anandiyang'ana ine, osati iwo, n'kufunsa kuti mfutiyi ndi ya ndani.

Ndikadatha kunena kuti ndi yanga. Ndi liwu limodzi m'chizungu. Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chake sindinatero, ndipo ndikadakonda kukuuza kuti ndinaganiza za iwe ndi Jesse, kapena za a Norah akutsika basi madzulo. Zinalimo. Koma chimene chinanditsegula pakamwa n'chakuti munthuyu anandigwira pachigongono, kundifinya pang'ono, monga umachitira ndi mwana pamaso pa alendo.

Ndinati, "Ndi ya bambo awa. Ndalama ndi zawo, ine ndangobwereketsa dzina."

Ndinatulutsa envelopu n'kuiika pa kauntala patsogolo pawo.

Mayiyo sanakweze mawu. Anainyamula mfuti n'kuibweza kumbuyo, nati lero sagulitsa kanthu kwa aliyense wa ife, ndipo tituluke. Panja a Chabala sanatukwane. Anatambasula dzanja, ndinawapatsa makiyi a galimoto. Ananena chinthu chimodzi chokha:

"Nenze kuganiza nasunga mwana. Kansi nasunga njoka yophunzila."

Ndinawayankha kuti yophunzira theka. Sindikudziwa chifukwa chake ndinatero. Anandisiya pomwepo. Kumeneko mabasi ndi osowa. Ndinayenda wapansi mpaka pamalo omwetsera mafuta, ndipo Ackim anabwera kudzanditenga ataweruka. Sananene kuti ndinakuuza. Ndasiya kumunena za chipewa.

Katundu wanga ndinamupeza pakhonde m'mapepala akuda a zinyalala. Foni aidula Loweruka. Nambala yatsopano ndakulembera pansipa.

Chinanso, ndipo ichi mpingo sudzandikhululukira. Ndinawaimbira a Norah n'kuwauza zonse, za mayadi mazana atatu ndi za dzuwa lolowa. Anafunsa dzina la sitolo ndi tsiku, kuti akauze loya wawo. Sanathokoze. Sindinayembekezere.

Za pepala lija sindikudziwa kanthu. Usaleke kukonzekera.

Fryson


Alexandria
17 Disembala 2023

Emmie,

Ndikhulupirira mvula ikugwa bwino ndipo khitchini sikudontha. Jesse ndamuona pa chithunzi cha sukulu, watalika, mano akutsogolo aja amera mokhota ngati anga. Ine ndili bwino. Ndimakwera sitima ya Yellow kenaka basi, maola awiri kupita kuntchito. Ndapempha kuti andisamutsire ku nthambi ya kuno.

A Chabala achotsa dzina lawo. Loya analandira kalata Lachitatu. Akuti tsiku la pa 16 Januwale tilisunthe tokha, chifukwa mukapita popanda wokuimirirani adzakubwezani pawindo. Mlandu wanu sunafe, wangoima. Pafunika munthu wina, nzika kapena wa girini khadi, wa malipiro okwanira ndi msonkho woyera, amene angavomere kunyamula banja la eni kwa zaka. Apo ayi, ndigwire ntchito ziwiri chaka chathunthu kuti msonkho wanga ukwane wokha. Ndayamba kale kufunsira ya Loweruka ndi Lamlungu.

Kumpingo sindikupitako. Akuti ndidaluma dzanja londidyetsa, ndidalowerera za m'banja la eni, ndidachititsa manyazi munthu wamkulu pamaso pa azungu. Mayi wina amene adandidyera mpunga wanga kangapo anandiona pa siteshoni n'kuyang'ana kumwamba ngati kukubwera ndege. Palibe amene wafunsa kuti mfutiyo inali ya chiyani. Onse akudziwa, n'chifukwa chake sakufunsa. Ndamva kuti a Norah asamukanso, ndipo sanauze munthu kumene apita.

Mzungu wa mapaipi uja anandifunsa ngati ndasankha. Ndinati inde, .308, mpope wonenepa, ndipo ndikudziwa shelefu imene ili. Ndalama ya maovataimu ija yapita ku dipoziti ya chipinda ndi kwa loya. Mzunguyo akuti ndizibwera kudzawombera yake. Mwina m'chilimwe.

Sunandiyankhe kalata yapita ija. Mawu ako a pa foni anali a moni basi, ndipo tsopano palibe denga la thabwa loti tiliope. Ngati wakwiya, kwiya, uli ndi chifukwa. Ndidakulonjeza Januwale. Koma usandiuze kuti ndikadangosaina, chifukwa ndakhala ndikudziuza ndekha zimenezo m'sitima m'mawa uliwonse ndipo sizikundikhutiritsa.

Tsopano zochita. Vitu wandiuza kuti wapeza wogula firiji ndi bedi. Usagulitse. Eni nyumba uwauze kuti tikhalabe, ndipo ukamulembetsenso Jesse teremu ikubwerayi malo ake asanaperekedwe kwa wina. Za kuchedwa kwa ulendo mwanayo umuuze wekha, mwa njira yako. Ine ndikamuuza ndiyamba kufotokoza zambiri.

Chomaliza. Unditumizire nambala ya amalume ako a ku Indiana, aja a mafamase. Zimene ndidawanena pa ukwati wathu, zoti digiri yawo ndi yowerengera mapanado, ndikuziona zoona mpaka lero. Koma msonkho wawo ndi woyera. Usawaimbire kundipepesera, ndiponso amayi ako asalowererepo. Ndiwaimbira ndekha, Lamlungu masana akachoka kutchalitchi, ndipo ndidzawatchula kuti amalume.

Ndine mwamuna wako,
Fryson